Galimoto Imene Inagona Kumanda

Aliyense amene anakhalako ku Ulongwe m'zaka makumi atatu zapitazi anaionapo galimoto ya a Valentim. Inali yofiira, yaifupi moti munthu wamkulu akaima pambali pake inkamulekeza m'chiuno, ya mipando iwiri yokha, ndi denga la lona, nsalu yolimba ya tenti, lopindikira kumbuyo. Pamphuno pake panali zilembo ziwiri, MG, koma zilembozo ankazisamala ndi eni ake okha. Anthu onse ankaitcha Kansapato, pakuti ikaima pamsika pakati pa malole onyamula kachewere inkaoneka ngati nsapato ya mwana imene yaiwalidwa pakhomo pa akuluakulu.

A Valentim ankaitsuka okha. Sankalola mdzukulu kapena mlendo kuikhudza, ndipo nsanza yopukutira galasi inali ina, yopukutira thupi inali inanso. Lamulungu lililonse Misa ikatha ankaitulutsa m'kanyumba ka njerwa kamene anamanga asanamalize nyumba yawo yogona, n'kuyenda nayo pamsewu wa ku Domwe pang'onopang'ono, moti anyamata apanjinga ankawapitirira akuliza belu. Galimoto yopangidwira liwiro inakalamba m'manja mwawo isanathamangepo.

Amene ankakhala nawo pafupi ankadziwa chizolowezi chawo china. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Valentim ankaima pampanda n'kufunsa munthu woyamba wochokera kumudzi wa kutsidya kwa dambo kuti, "A Arlindo adzuka bwanji?" Anthu ankati ndi ubwenzi wa nkhalamba ziwiri, ndipo m'kupita kwa zaka unakhaladi wotero. Koma chiyambi chake chinali mantha. A Valentim ankadziwa kuti tsiku limene a Arlindo adzamwalire, galimoto yawo idzayamba kudikira moto.

Anabadwira m'banja la Angoni, alimi a chimanga ndi oweta ng'ombe, pamene Ulongwe ankatchedwabe Vila Coutinho. Sukulu ya kumishoni sanaimalize, chifukwa maso awo ankakhala pamsewu osati pa mphunzitsi. Ali mnyamata analembedwa ntchito ndi Mpwitikizi wina amene anali ndi kantina, kasitolo ka kumudzi, komanso ofisina, ndiko kuti malo okonzera mathirakitala. Bwana ameneyo, amene antchito ankamutcha Patarawu, ndiye anabweretsa galimotoyo kuchokera ku Rhodesia. Ntchito ya mnyamatayo inali kuitsuka, osati kuikwera, koma pogona pansi pake tsiku ndi tsiku anafika podziwa bawuti iliyonse ndi waya aliyense. Pamene Apwitikizi ankachoka m'dziko, galimotoyo inali pazitsa, injini yake ili padera. Patarawu anaiyang'ana, anayang'ananso lole imene inali itadzaza kale ndi katundu wake, n'kuponyera mnyamatayo makiyi.

Panapita madzinja awiri kuti injiniyo ilire. Itangolira, a Valentim anakwatira. A Quitéria anachoka kutchalitchi atakhala pampando wakumanzere, nsalu yakumutu ikuuluka, ana a mudzi wonse akuthamanga m'fumbi pambuyo pawo. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatcha a Valentim kuti a Mesitiri, ndiko kuti mmisiri wamkulu, ndipo zigayo, njinga ndi makasu a ng'ombe za dera lonselo zinkadutsa m'manja mwawo.

Kenaka inafika nkhondo. M'chaka cha 1986 misewu ya m'boma lonse la Angónia inasanduka misampha, ndipo m'mbali mwake munadzaza mafupa a magalimoto otenthedwa. Munthu wopezeka ndi galimoto ankafunsidwa ndi asilikali a mbali iliyonse mafunso amene analibe yankho lopulumutsa. Midzi inayamba kuthawira ku Dedza wapansi, kudutsa m'mapiri, ana kumsana, mphika pamutu. A Valentim anali ndi mkazi, khanda dzina lake Zélia, ndi galimoto imene sikanatha kukwera phiri kapena kubisika m'nkhokwe.

Amene anawapeza atakhala pansi pafupi ndi tayala, mutu uli m'manja, anali a Arlindo, Mchewa wa kutsidya kwa dambo, amene anabwera kudzatenga njinga yawo. Iwowa anali mkulu wa kudambwe, malo a m'nkhalango ya kumanda kumene amuna ovinidwa amasunga za Gule Wamkulu.

"A Mesitiri, kodi mwayamba kulira maliro a chitsulo eni ake tikali moyo?"

"Akulu, ndilibe poika. Ndikaisiya pano aiotcha."

A Arlindo anaizungulira galimotoyo, n'kuigogoda ndi ndodo yawo.

"Malo alipo. Kwathu kuja msilikali salowa, ngakhale ataledzera chotani. Koma inu ndinu a mpingo, simunavinidwe, simudzapondako. Mudzaisiya m'mphepete, anzanga adzailowetsa."

"Ndipo nkhondo ikadzatha mudzandibwezera?"

"Ndidzakubwerekani. Kubweza ayi. Tamverani bwino, musadzati Mchewa anakupusitsani. Chimene chalowa kuja timachiveka makoko a chimanga, ndipo chikavala makoko chasanduka chilombo. Chilombo chili ndi mathero amodzi: chikavina pa mpalo, chimapsa. Ine ndikali moyo ndidzawaletsa. Ndikadzafa, chidzavine pa mpalo wanga, kenaka chipse."

A Valentim anamva mawu onse, ndipo anawamvetsa. Mpalo ankaudziwa, mwambo wokumbukira womwalira umene umachitika anthu atakolola. Koma tsiku limenelo mfuti zinkamveka cha ku Ulongwe, ndipo palibe amene ankaganiza kuti adzakhala ndi moyo mpaka kudzaona imvi. Anavomera. Anapereka nkhuku ya tambala, amuna asanu ndi mmodzi akuchitira umboni, ndipo mmodzi mwa iwo anali Horácio, mwana wa mlongo wa a Arlindo, mnyamata wa ndevu zongomera.

Ku Dedza anakhalako zaka zisanu ndi zitatu, akukonza njinga pamsasa wa othawa nkhondo. Atabwerera anapeza nyumba yawo ilibe denga, mitengo itamera m'chipinda. Asanafunse n'komwe, m'mawa wina anamva kuitana kuchokera kunjira ya kumanda. Galimoto inali itaima pamenepo. Matayala anali atawola, mbewa zinali zitadya mawaya ndi mipando, mavu anali atamanga pansi pa chiwongolero, ndipo thupi lonse linkanunkha nthaka yonyowa ya pansi pa mitengo ikuluikulu. Koma inali yathunthu. Ngakhale kagalasi koonera kumbuyo sikanachotsedwe.

"Nayo nyama yanu," anatero a Arlindo. "Muidyetse bwino. Ndi yathu."

Kuiukitsa kunawadyera zaka zinayi ndi ng'ombe zitatu. Anasakasaka zipangizo m'milu ya zitsulo zakale ku Tete ndi ku Lilongwe, ndipo zimene zinasoweratu anazisula okha. Mipando anaikuta ndi chikopa cha ng'ombe yawo yamawanga, anachifufuta ndi manja awo monga ankachitira atate awo pokonza zishango za gule wa ngoma. Tsiku limene inalira kachiwiri, anatsegula chitseko chakumanzere n'kuitana mkazi wawo. A Quitéria anaima pakhonde atapinda manja.

"Ine ndikhale pampando wa chinthu chimene chagona ndi akufa zaka zonsezi? Bambo a Zélia, miyendo ndili nayo. Pitani ndi mkazi mnzangayo."

Sanakwerenso. Motero mpando wakumanzere unakhala wa munthu mmodzi yekha, a Arlindo.

Apa m'pamene a Valentim anayamba kusamala injini ziwiri. Ya galimoto ankaithira mafuta n'kumamvetsera kulira kwake, ndipo ya a Arlindo ankaiyang'anira chimodzimodzi. Nkhalambayo ikangoyetsemula, Kansapato kankafika pakhomo kudzaitenga kupita kuchipatala. M'nyengo yozizira, pamene chisanu cha m'mapiri chimayeretsa udzu m'madimba, ankawatumizira bulangete ndi shuga. Ankawabisira kachasu, ankawakalipira chifukwa cha fodya. A Arlindo ankadziwa bwino gwero la chifundo chonsechi, ndipo sankachita nacho manyazi.

"Khoo! Khoo! Mwamva, a Mesitiri? Chifuwa ichi si chamasewera. Adokotala anati chimafuna nyama yankhumba."

"Adokotala ake ati? Ndinali nanu pomwepo, anati musiye chingambwe."

"Angoni inu makutu anu amangomva mowa ukamatsanulidwa. Anati nkhumba. Kapena mukufuna ndife sabata ino? Makoko tili nawo ambiri chaka chino."

A Arlindo ankaseka mpaka misozi. A Valentim ankasekanso, koma nkhumbayo ankagula. Chikopa cha mpando wakumanzere chinafika potenga maonekedwe a thupi la nkhalambayo, ndipo pakona pake panali kabowo kamene phulusa la chingambwe linaboola, bala lokhalo limene a Valentim analekerera pagalimoto yawo. Kamodzi, ali pamsewu wa ku Domwe, analimba mtima n'kupempha kuti aiwombole ndi ng'ombe. A Arlindo anasiya kuseka.

"Zimenezo si zanga ndekha. Anthu anamva. Mukufuna ndidzalowe m'manda ngati munthu amene anagulitsa chilombo?"

Nkhaniyo inathera pomwepo. Kwa abambo a mpingo sakanaipititsa, pakuti akanafunsidwa chimene Mkhristu ankafuna kudambwe. Kupolisi sakanaipititsa, pakuti kutero kunali kuimba mlandu mudzi wonse wa kutsidya, umene amuna ake ndiwo adzukulu okumba manda a mudzi wa a Valentim. Anangoisenza okha, chaka ndi chaka, akuyang'ana msana wa mnzawo ukupindika.

A Arlindo anadwala matenda awo omaliza m'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati. Uthenga unafika masana, ndipo a Valentim anawapeza akupuma ngati mvukuto wobooka. Anawanyamula mothandizana ndi a Horácio, amene tsopano anali bambo wa imvi, mlimi wa kachewere, n'kuwakhazika pampando wawo. Malo a munthu wachitatu panalibe. Atangofika pamsewu waukulu, a Valentim anachita chimene sanachitepo m'moyo wawo wonse: anaponda mafuta mpaka pansi. Injini inabangula ndi mawu amene iwo eni sankawadziwa. Matope anauluka, mbuzi zinabalalika, shapa, minibasi yodzaza ndi anthu, inatsala m'mbuyo ngati yaima. Muvi wa liwiro unafika pamalo pamene fumbi linali lisanasunthidwepo.

"A Mesitiri," anatero a Arlindo ndi mawu otsika, maso ali otseka, "kani kamathamanga chonchi? Zaka zonsezi mumandimana."

"Khalani chete, akulu, sungani mpweya."

"Chepetsani. Mungaphe munthu."

Amenewo anali mawu awo otsiriza. Pamene galimoto inkaima pakhomo pa chipatala cha ku Ulongwe, mutu wawo unali utatsamira pachitseko, ndipo namwino amene anatuluka anangogwira dzanja n'kupukusa mutu. A Valentim anakhala pachiwongolero nthawi yaitali. Ankalira, ndipo zinkawachititsa manyazi kuti sankatha kusiyanitsa misozi ya mnzawo ndi misozi ya galimoto.

Maliro atatha, a Horácio anabwera. Anaodira pampanda, anavula chipewa, anakhala pampando umene anapatsidwa, n'kufunsa za mvula, za ng'ombe, za Zélia amene anakwatiwa ku Tete. Ulemu wawo unali woopsa kuposa mkwiyo. Pomaliza anayang'ana kukanyumba ka njerwa.

"Madala, tinati tikudziwitseni. Mpalo wa amalume tidzachita tikakolola. Zina zija mukuzikumbukira."

"Ndikukumbukira."

"Chabwino. Ife tidzabwera makoko akauma."

Alimi onse a m'mapiri amenewo amakondwa chimanga chikamakhwima. Chaka chimenecho a Valentim ankachiyang'ana ngati mdani. Chitamasula ngayaye anasiya kugona bwino. Ndevu zake zitayamba kuda anasiya kudya. Masamba atayamba kufiira n'kumalira ndi mphepo, phokosolo linkawamvekera ngati moto woyamba kugwira udzu. Ankapita kumunda n'kufinya chisononkho kuti amve ngati makoko akadali ndi madzi, ndipo tsiku lililonse ankawapeza ouma kuposa dzulo. Ng'oma ikamveka kutsidya kwa dambo, ngakhale ya ana osewera, sipanala inkawagwa m'manja.

A Quitéria anaona mwamuna wawo akutha ngati sopo.

"Bambo a Zélia, mufa ndi chitsulo ichi. Uja wa ku Lilongwe amene wakhala akukunyengererani zaka zonsezi kuti mumugulitse galimotoyi, muitaneni. Chiwoloke malire, chichoke. Akabwera a Horácio mudzati chinabedwa."

"Ndipo ine ndikadzafa, manda adzakumba ndani? Inu ndi Zélia?"

"Ndiye mukonda kuchiona chikupsa?"

"Mayi a Zélia, ndikanakonda kupsa ine."

Komabe anamuitana. Munthuyo, wosonkhanitsa magalimoto akale, analonjeza kudikira ndi lole kutsidya kwa chipata cha Kalomwe. M'mawa wa tsiku lopangana a Valentim anatulutsa galimoto osauza aliyense, n'kulunjika kumalire. Njira yonse maso awo anali pakagalasi koonera kumbuyo. M'minda munali mikukwe, ndipo amayi anali atayamba kale kusenda chimanga.

Pa Kalomwe panali piringupiringu wa masiku onse: malole pamzere, osintha ndalama akukupiza mitolo ya metikali ndi makwacha, anyamata akukankha njinga zolemedwa ndi matumba. Galimoto yofiira pamalo otero sibisika.

"Kansapato! Lero mwatulukira kuno, madala?"

"Muli nokha? Nanga abwana anu aja a chingambwe mwawasiya kuti?"

A Valentim anayang'ana mpando wakumanzere, dzenje la thupi la nkhalamba ndi kabowo ka phulusa. Chipata chinali patsogolo pawo, ndipo lole ya wogula inkaoneka kutsidya. Ali chiimire pamzere, njinga ina inadutsa pafupi ndi chitseko chawo, ikuchokera kumalire. Sinanyamule kachewere kapena feteleza. Inanyamula mtolo waukulu wa makoko a chimanga, oyera mbee, omangidwa ndi luzi. Mwini njingayo anatsika, anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono.

"A Mesitiri, mwadzuka bwanji? Ulendo wa kuti?"

Munthuyo a Valentim sankamudziwa. Sanamuonepo kumsika, kutchalitchi kapena pamaliro. Anaima pomwepo akumwetulira, akudikira yankho. Mwina makokowo anali a ng'ombe zake, mwina dzina la a Mesitiri analimva kwa anyamata amene ankafuula. A Valentim sanafune kudziwa. Anaganiza za a Quitéria ali okha pakhomo, anaganizanso za nkhalamba imene inakana ng'ombe kuti isalowe m'manda ndi mbiri yoipa.

"Ndimangoyesa injini," anayankha.

Anabwerera m'mbuyo, anatembenuka pakati pa malole, n'kubwerera kwawo pa liwiro lawo lakale.

Tsiku limene a Horácio anatumiza mawu kuti abwera masana, a Valentim anaitsuka galimotoyo monga ankachitira nthawi zonse, nsanza ya galasi payokha, ya thupi payokha. Atamaliza anagona pansi pake, anamasula bawuti ya thanki, n'kukhetsera gazolina yense, ndiye petulo, m'zigubu mpaka dontho lomaliza. Anachotsanso bateriya. A Quitéria anawerama n'kuwafunsa ngati akufuna kuti anthuwo alephere kuiyendetsa.

"Ayi. Aikankha, monga anachitira poyamba. Koma akaiyatsa ili ndi mafuta iphulika, ndipo kuja kudzakhala ana a anthu ataizungulira. Maliro amodzi akwana."

A Horácio anafika ndi amuna asanu. Anaona zigubuzo zitandandalikidwa pakhoma, anaona bateriya ili pansi, n'kuyang'ana a Valentim nthawi yaitali. Amunawo anagwira galimoto n'kuyamba kukankha. A Valentim anayenda pambali, dzanja limodzi lili pachiwongolero, kudutsa dambo, kukwera kamtunda, mpaka pamene njira ya kumanda imapatuka. Pamenepo panali patazikidwa ndodo yokhala ndi kansalu kofiira.

"Madala, inu mulekeze pano."

"Potsetsereka muzikoka ichi," anatero a Valentim, akuloza buleki yapamanja. "Chimalimba, muzikoka ndi manja awiri. Ndipo musakankhire panyali, galasi lake silipezekanso."

Mmodzi wa amunawo anaseka, koma a Horácio anamuyang'ana ndipo anasiya. Galimoto inalowa pakati pa mitengo. Kufiira kwake kunaoneka kawiri kapena katatu m'mipata ya masamba, kenaka kunazimirira. Za m'katimo sizilembedwa, ndipo a Valentim sanazione.

Pa tsiku la mpalo anapita, ngakhale a Quitéria anawaletsa. Anaima kumbuyo kwenikweni kwa bwalo, pamodzi ndi alendo ndi osavinidwa. Dzuwa linali litangokwera pamwamba pa phiri, ng'oma zikugunda m'chifuwa cha munthu aliyense, amayi akuimba ndi kuwomba m'manja. Kenaka gulu linapatuka, ana anathawira m'zitenje za amayi awo, ndipo chilombo chinatulukira kuchokera kumitengo. Chinali chachitali, chotsika, choyera ndi makoko kuyambira kumutu mpaka kumchira, mphonje zake zikukwekwa pansi moti chimene chinkachiyendetsa sichinkaoneka. Chinathamanga, chinaima mwadzidzidzi, chinabwerera cham'mbuyo, fumbi lili koboo. Palibe chofiira chimene chinkaoneka. A Valentim anayamba kudzinyenga kuti mwina ndi china. Koma pamene chinkakhota pafupi ndi mtengo wa pabwalo, ng'oma zitapuma pang'ono, anamva kulira kwakung'ono: kwii, kwii. Inali sipuling'i yakumbuyo kumanzere, imene anakhala akufuna kuikonza chiyambire dzinja.

Anakhala pansi m'fumbi.

Chilombo chitavina chinabwerera kumene chinachokera, amuna akuchiperekeza. Pasanapite nthawi utsi unakwera pamwamba pa mitengo ya kumanda, woyamba woyera, wa makoko, kenaka wakuda. Mphepo ya Julaye inaubweretsa kubwalo. A Valentim anaununkhiza monga mmisiri amanunkhizira injini: udzu, nsungwi, lona. Pambuyo pake linafika fungo limene sakanalisokoneza ndi lina lililonse, fungo la chikopa cha ng'ombe chikupsa. Anaphimba nkhope ndi chipewa. Amayi ena anaganiza kuti akulira mnzawo, ndipo anayamikira ubwenzi wotere.

Masiku otsatira sanatuluke m'nyumba. Kanyumba ka njerwa kanakhala kotsegula, nkhuku zikufukula pamalo pamene mafuta anadontha kwa zaka zambiri. M'mawa wina a Quitéria analowa n'kunena kuti pampanda pali mlendo. Anali a Horácio, chipewa chili m'manja.

"Madala, tabwera ndi dandaulo. Pali chitsulo china chatseka njira ya kudambo, ngolo zikulephera kudutsa. Tamva kuti inu zazitsulo mumazidziwa. Mungakatichotsereko?"

A Valentim anatsagana nawo. Atapitirira ndodo ya kansalu kofiira ija, imene tsopano inali itagwa, anaiona galimoto yawo. Inaima pakati pa njira, yakuda ndi mwaye. Denga la lona kunalibe, kunatsala nthiti zake zachitsulo. Utoto wa mbali yakumanzere unali utatuwa ndi kutukusira. Koma matayala anali athunthu, nyali zonse ziwiri zinali zosasweka, ndipo buleki yapamanja inali yokokedwa mpaka kumapeto. Anasuzumira m'kati. Mpando wa woyendetsa unalipo. Wakumanzere kunalibe, panatsala chitsulo chapansi, ndipo mabawuti ake anayi anali ataikidwa bwinobwino m'chigoba cha chitini.

"Kodi simunaiotche?" anafunsa ndi mawu osamveka bwino.

"Chilombo chinapsa, madala. Utsi munauona nokha, mudzi wonse unauona. Ichi ife sitikuchidziwa."

"Nanga mpando?"

A Horácio anakanda m'ndevu.

"Amalume anatiuza kalekale. Anati ulendo umene akupita ndi wautali, ndipo inu munawazoloweza zoipa, wapansi sangathenso. Anati mpando wawo apite nawo. Zinazo anati tidzaone tokha mmene mudzachitire." Anaima pang'ono, akuyang'ana kumapiri a kumalire. "Mukanawoloka pa Kalomwe paja, bwenzi lero tikukamba nkhani ina."

A Valentim anagwira chitseko. Mwaye unadetsa chikhatho chawo, ndipo pansi pa mwayewo panaoneka kufiira.

"Ndiye kuti zatha? Tsopano ndi yanga?"

A Horácio anavala chipewa chawo mosafulumira. Anagogoda galimotoyo ndi chala, pamalo omwewo pamene amalume awo anagogoda ndi ndodo nkhondo isanawabalalitse.

"Muidyetse bwino," anatero, n'kutembenuka kulowera kwawo. Akutsika kamtunda anatsokomola kawiri.

Galimotoyo inakokedwa ndi ng'ombe mpaka kunyumba. A Valentim anaitsuka kwa sabata yathunthu, anasoka lona ina, anakonza sipuling'i ija. Utoto wotukusira anausiya, ndipo mpando wina sanaikemo, ngakhale a Quitéria ananena kuti popeza wa akufa uja wachoka, mwina iwo angayesenso kukwera. Lamulungu lililonse Misa ikatha Kansapato kamatulukabe pamsewu wa ku Domwe, anyamata apanjinga akukapitirira.

Ndipo m'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Valentim amaima pampanda kudikira munthu woyamba wochokera kutsidya kwa dambo.

"Pepani, ndifunse nawo," amatero. "A Horácio adzuka bwanji? Chifuwa chija chili bwanji?"